Bokosi la Mizere Inayi

Ndaphunzitsa masamu pa sekondale ina kuno ku Milange kwa zaka zambiri, ndipo ana ankandidziwa ndi zinthu ziwiri: njinga yanga yopanda mabuleki akutsogolo ndi cholembera changa chofiira. Za malikisi sindinkakambirana ndi mwana aliyense. Wobwera kudzadandaula ndinkamuuza mawu amodzi okha, akuti ndikalemba ndalemba, iye n'kubwerera kukakhala pansi.

Imvi zitayamba, ndinalembetsa maphunziro a digiri ophunzirira kunyumba. Chaka chomaliza anandipatsa mutu woti ndilembe pepala, ndipo digiri yonse inkadalira pepala limenelo. Mutuwo unali wa gulu lina la mapolinomiyo, masamu osakaniza zilembo ndi manambala, aja oti ukachulukitsa awiri osiyana n'kuwonkhetsa bwinobwino mwa lamulo lake, yankho limakhala ziro. Anthu anapeza kalekale kuti mapolinomiyo amenewa amamangidwa kuchokera ku madetereminante. Detereminante ndi nambala imodzi yomwe imatuluka ukasanja manambala m'bokosi, mizere yopingasa yofanana kuchuluka ndi yotsika, n'kuwachulukitsa ndi kuwachotsera motsata lamulo.

Manambala anga anali awa: 1, 1, 2, 6, 24, 120, 720. Mzere woyamba wa bokosi umayamba ndi nambala yoyamba, wachiwiri umayamba ndi yachiwiri, choncho mpaka pansi. Buku limene ananditumizira linkanena kuti bokosi la mizere iwiri litulutsa 1, la mizere itatu litulutsa 4, la mizere inayi litulutsa 144. Ntchito yanga inali yongofotokoza chifukwa chake. Koma ine ndine munthu wosakhulupirira buku ndisanayese ndekha.

M'sukulu zathu timaphunzitsa njira yachidule ya bokosi la mizere itatu. Umakoperanso mizere iwiri yoyamba pambali, n'kujambula timizere topendekeka, totsikira kumanja n'kuwonkhetsa, totsikira kumanzere n'kuchotsera. Ndi njira yokoma, ana amaigwira tsiku limodzi. Ndinaiyesa pa bokosi la mizere itatu, ndipo 4 anatuluka. Ndinaiyesa pa la mizere inayi, ndipo panatuluka 10224.

Ndinabwereza kasanu ndi katatu. Ndinabwereza ndi makina owerengera a pafoni. Nthawi zonse 10224. Munthu wanzeru akanadzifunsa ngati vuto silili kwa iye. Ine ndinasangalala. Ndinkapalasa njinga kupita kusukulu ndikumwetulira ndekha, poganiza kuti mphunzitsi wa kumalire kuno, yemwe anaphunzira kuwerenga pansi pa tenti ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, wagwira buku la akuluakulu likunama. Ndinasintha pepala lonse. Mutu wake unakhala wonena kuti lamuloli limathera pa mizere itatu. Ndinauza aphunzitsi anzanga, ndipo popeza ambiri ankaphunzitsa Chipwitikizi ndi mbiri yakale, anandigwira chanza.

Kunatsala masiku atatu kuti nditumize. Pepalalo ndinalilemba pamanja, choncho ndinapita nalo kutawuni, ku kashopu kena ka pafupi ndi msika komwe amataipa ndi kujambula mapepala. Linali Lachiwiri masana, kunja kukudutsa njinga zonyamula matumba a nandolo kupita ku chipata cha malire cha Muloza. Mwini kashopuko anali mayi wa mwana kumbuyo. Nditalowa anaimirira.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

Ndinamuzindikira. Ndinamuphunzitsa kalasi yomaliza zaka zingapo m'mbuyomo. Ankachokera ku Mongue, ankakhala mpando wachiwiri, sankayankhula kwambiri. Chaka chake sanaloledwe kulemba mayeso aboma chifukwa masamu anamugwetsa, anapeza 9 pa 20 pomwe pankafunika 10. Sanabwerere kudzabwereza. Zimenezi ndinkazikumbukira monga momwe munthu amakumbukirira kuti chaka chakuti mvula inachedwa.

Ndinakhala pa benchi, iye n'kuyamba kutaipa. Atafika pa tsamba lachinayi zala zake zinaima.

"Aphunzitsi, apa nditaipe mmene mwalemberamu?"

"Mmene ndalemberamo, mayi. Pali chosaoneka?"

"Zikuoneka. Koma timizere topendekekati sitigwira ntchito pa mizere inayi."

Ndinaseka. Ndinamufotokozera mofatsa, monga ndinkachitira m'kalasi, kuti njirayo ndi imodzimodzi, umangowonjezera mzere. Iye sananditsutse. Anamasula mwana n'kumukhazika pa katoni ya mapepala, natenga pepala lina lomwe makina analiwononga, n'kuyamba kulemba kuseri kwake. Anatenga nambala yoyamba ya mzere wapamwamba, naphimba ndi chala mzere wake wopingasa ndi wotsika, nawerengera kabokosi ka mizere itatu kotsalako. Kenako yachiwiri, yachitatu, yachinayi, akusinthasintha kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Njira imeneyo ndinkaidziwa, inali m'buku lathu, koma ndinkaidumpha chifukwa ndi yaitali ndipo ana amatopa nayo. Iye anati anamuphunzitsa ndi mkulu wake amene anachita sukulu kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ku Malawi.

Pansi pa pepalalo analemba 144.

"Mizere inayi imafuna zochulukitsa makumi awiri ndi zinayi," anatero. "Timizere tanuti timangogwira zisanu ndi zitatu. Zina zonse mwazisiya panja."

Ndinatenga pepalalo n'kuwerengera ndekha, kawiri, iye akuthandiza munthu wina amene anabwera kudzajambulitsa chitupa. Panalibe pomugwirira. Manyazi ndinachita, koma sanali aakulu monga ndinkayembekezera. Chinabwera msanga chinali mpumulo, poona kuti pepala langa la digiri lija silinachoke ku Milange. Ndikanalitumiza, digiri ikanapita, ndipo akuluakulu okachonga pepalalo akanakhala ndi nkhani yoseketsa ya chaka chonse. Masiku atatu ankakwana kulembanso, chifukwa zolemba zanga zoyamba zija ndinali ndisanazitaye.

Ndikusonkhanitsa mapepala anga ndi pomwe ndinakumbukira china. Pa mayeso anga omaliza a kalasi imeneyo ndinkakonda kuika funso limodzi la bokosi la mizere inayi, la malikisi awiri, loti lisiyanitse ana akhama ndi anzawo. Yankho ndinalipeza ndekha chaka choyamba, ndi timizere tanga topendekeka, ndipo ndinkangokopera chaka ndi chaka. Ana onse ankatsata njira yanga n'kupeza yankho langa. Ndinakumbukira pepala limodzi lokha lomwe linadzaza tsamba lonse ndi timabokosi, n'kufika pa yankho lina. Ndinalidula ndi mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, osawerenga n'komwe.

Pepala limenelo linali la mayi yemweyu. Anali ndi 9. Malikisi awiri aja akanamufikitsa pa 11.

Ndinaima pakhomo, chikwama m'manja. Mwana uja anali atayamba kutafuna ngodya ya katoni, mayi ake akumulanda.

"Mayi," ndinatero, "funso lija la mizere inayi, chaka chanu chija. Munkadziwa kuti munakhoza?"

"Ndinkadziwa, aphunzitsi."

"Nanga bwanji simunanene?"

Anamuberekanso mwanayo, namanga chitenje pachifuwa, nakhala pansi patsogolo pa kompyuta.

"Ndinanena," anatero. "Ndinabwera ndi pepalalo pa tebulo panu. Munati mukalemba mwalemba."