Nyumba Imene Sindinagonemo

Landilodi atatiuza kuti akugulitsa fulati imene tinkachita lendi ku Partick, mumzinda wa Glasgow, sindinachite mantha kwenikweni. Ndinali nditangolandira mapepala okhazikika m'dziko muno, patatha zaka ndikusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake. Komanso mayi wina wa kutchalitchi kwathu anali atandiuza za thandizo la boma: ukatenga ngongole kubanki, boma limaika gawo lotsalalo, nyumba n'kugulidwa. Iye anagula yake ku Sighthill mwa njira yomweyo, ndipo ankatiitanira tiyi pafupipafupi kuti tikaone makatani.

Ine ndi mwana wanga wamkazi, amene anali kusekondale, tinapeza kafulati ka zipinda ziwiri pafupi ndi sukulu yake. Pamasitepe pankanunkha chinyezi, koma mwanayo anali atasankha kale penti wa kuchipinda kwake.

Tsiku lokaonana ndi mlangizi wa za ngongole ndinatchena ngati ndikupita ku ukwati. Anali bambo wachizungu waulemu, wolankhula Chingerezi cha ku Glasgow chija chimene mpaka lero ndimangomva theka. Anaona malipiro anga, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenako anandifunsa ngati ndinakhalapo ndi nyumba yangayanga.

Apa m'pamene ndinadzipha ndekha. Kwathu wopempha ngongole sapita chimanjamanja, amaonetsa kuti ali ndi kanthu ndipo mutu wake umagwira. Ndiye ndinatulutsa foni monyadira n'kumuonetsa nyumba yanga ya ku Machinjiri: malata obiriwira, khonde lofiira, mayi anga atakhala pampando pakhomo. Ndinamuuza kuti ndinaimanga ndekha, thumba la simenti limodzilimodzi, ndi mashifiti a pa Khirisimasi amene anzanga ankawakana. Ndinawonjezeranso, popanda wondifunsa, kuti mapepala ake ali m'dzina langa, osati la mchimwene wanga, chifukwa ameneyo ndimamudziwa.

Bamboyo anayang'ana chithunzicho n'kunena kuti nyumbayo ndi yokongola. Kenako anavula magalasi. Anati thandizolo ndi la anthu amene alibe nyumba kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo poti ndamuuza, sangachite ngati sanamve.

Ndinaseka, kuyesa nthabwala.

"Bambo, nyumba imeneyi ili ku Malawi," ndinatero. "Mukufuna mwana wanga azidzuka ku Blantyre m'mawa uliwonse kudzaphunzira ku Glasgow?"

Iye sanaseke. Ndinamuuza kuti sindinagonemo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa ndalama ya ndege inkathera ku njerwa. Ndinamuchonderera, ine mayi wamkulu, misozi ili mbwembwembwe, mpaka ndinamugwira mkono wa jekete. Anandipatsa madzi akumwa, napepesa. Popanda gawo la boma, ngongole ya kubanki sinkakwana ngakhale kafulati konunkha chinyezi kaja.

Lamulungu ndinafotokozera mayi wa ku Sighthill uja. Anaomba m'manja.

"Inunso amayi! Ndani anakuuzani kuti mulembetse dzina lanu? Yathu ya kumudzi ili m'dzina la mlamu wanga, mwakuti pamapepala si yathu."

Ndinapsa mtima, koma ndikanakalipira ndani? Tonse pampingo paja tinayamba kumanga kwathu tisanagule ngakhale mpando kuno. Anzanga analembetsa abale, ena mpaka analandidwa nyumbazo. Ine wochenjera ndinadziteteza, n'kudzitsekera ndekha panja.

Ndinaganiza zoigulitsa nyumba ya ku Machinjiri ija, mwina mlangizi uja n'kuionanso nkhani yanga. Ndinaimbira mayi anga foni mawu nditawakonza kale. Ndisanayambe, iwo anali atayamba.

"Mwana wanga, chipinda chako chija ndimasesa Loweruka lililonse. Mchimwene wako amafuna aikemo matumba a chimanga, ndamukaniza. Ndakhoma, ndipo kiyi mmodzi ndapatsira mnyamata wa aneba amene akubwera kusukulu konko. Ukadzabwera udzatsekule wekha."

"Zikomo amayi," ndinatero.

"Umati unene chiyani?"

"Ayi, ndimangofuna kumva ngati mwadzuka bwino."

Mayi anga anakhala moyo wawo wonse m'nyumba za lendi, kusamutsidwa ndi katundu pamutu. Ndikanawauza bwanji kuti anyamukenso? Nditadula foni ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira mokweza, osasamala kuti oyandikana nawo akumva.

Kafulati kaja kanagulidwa ndi ena. Ndinayendayenda kufunafuna lendi ina, ku Partick, ku Hillhead, kulikonse kumene basi imafika, koma paliponse ndinkapeza ana a ku yunivesite atandipitirira kale. Mwana wanga anasiya kukamba za penti. Kiyi uja ndinakamutenga ku Hillhead kwa mnyamatayo, atakulungidwa m'kansalu, ndipo ndinamuika pamodzi ndi makiyi a fulati.

Tsiku lotuluka linafika tilibe pathu. Mayi wa ku Sighthill anavomera kuti tizigona pabalaza pake kwa kanthawi, pansi pa makatani aja. Landilodi anabwera makatoni ali mbwee pakhomo, n'kutambasula dzanja. Ndinachotsa kiyi wa chitseko cha pansi, ndinachotsa wa chitseko chathu, n'kumupatsa. Mwana wanga anayang'ana amene anatsala m'manja mwanga.

"Mum, nanga uyo ndi wa kuti?"

"Wa kunyumba kwathu," ndinamuyankha.

Ananyamula katoni yake, ine yanga, n'kuyamba kutsika masitepe.