Mzere Wachitatu pa Fomu ya Inshulansi

Mlongo wanga wamng'ono sagona kumanda kwathu. Anaikidwa kudziko lozizira kumene anapita kukaphunzira, m'manda amene sindinawaonepo, ndipo mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandiwira. Anthu amati ndi matenda, amati ndi chifuniro cha Mulungu. Za imfayo ndilibe nazo mawu. Koma zoti mtembo wake sunabwere kwathu, pamenepo tisamunamizire Mulungu. Anachititsa ndi anthu atatu ndi pepala limodzi, ndipo mmodzi wa atatuwo ndine.

Zinali zaka za chipani chimodzi. Ine ndinali wotaipa mu ofesi ina ku Capital Hill, imene inkalongosola mapepala a ophunzira otumizidwa kunja. Ndinkachita lendi kachipinda ku Old Town, kuseri kwa masitolo a pafupi ndi msika, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera basi ya ogwira ntchito m'boma, khadi ya chipani ili m'chikwama. Mafomu a ana a eni ake ndinataipa ambirimbiri. Ndiye chaka china dzina la mlongo wanga linatuluka pa mndandanda wa opita ku yunivesite ya kunja, kukaphunzira za madzi ndi mapaipi. Sindinamukonderere ayi, anakhoza yekha. Tsiku limenelo ndinataipa makalata olakwikalakwika chifukwa cha chimwemwe.

Wophunzira aliyense ankayenera kukhala ndi inshulansi ya chipatala, chifukwa kunjako mlendo salandira mankhwala chimanjamanja monga kuno. Fomu yake inali ndi mizere itatu, ndipo banja linkasankha umodzi. Woyamba unkalipira chipatala ndi mankhwala basi. Wachiwiri unkawonjezerapo tikiti yobwerera kwanu ukadwala mpaka sukulu kulephereka. Wachitatu unali ndi zonsezo, kuphatikizapo kunyamula mtembo kubwera nawo kwanu ngati wamwalira. Mzere uliwonse unkadula kangachepe pa ndalama ya m'thumba ya wophunzirayo, wachitatu kuposa inayo, koma kusiyana kwake kunali kwa sopo ndi tiyi. Mizereyo inali pa tsamba loyamba, limene ndinkataipa ine. Kholo kapena womuyang'anira mwanayo ankasaina pa tsamba lomaliza.

Bambo athu anali atamwalira kale, ndipo mayi anali kumudzi, osadziwa kulemba. Choncho wosaina anali atsibweni athu, mlongo wawo wa mayi, amene anali kukhi wa mzungu wina ku Area 12. Sindikana, pa zina anali munthu wabwino, ndipo fizi ya mnyamatayo, mlongo wangayo, ankathandiza ndi iwo. Koma popeza ankaphika makeke ndi kutsegulira azungu mabotolo, ankadziona ngati za kunja zonse amazidziwa ngati khitchini yawo.

Tinapitako Lamulungu masana, ine ndi mlongo wanga. Tinakhala kuseri kwa nyumba yaikulu, pansi pa mtengo wa mapeyala, pakhomo pa kanyumba ka antchito. Ndinawawerengera fomuyo ndikumasulira m'Chichewa. Nditafika pa mzere wachitatu, atsibweni anavula magalasi.

"Iwe, tabwerezanso pamenepo."

Ndinabwereza.

"Mwana sanakwere n'komwe ndege, iwe wayamba kale kumukonzera maliro? Amenewo ndi malodza. Munthu wa paulendo samutchulira zimenezo. Dzanja langa ine silingasainire imfa ya mwana wa mlongo wanga."

"Atsibweni, sikuti tikumufunira zoipa. Kungoti mwina..."

"Mwina chiyani? Tamaliza, mwina chiyani?"

Sindinamalize. Ndani akanamaliza, mwini wake ali pomwepo akudya peyala ndi supuni ya mzungu? Iye anangoseka n'kunena kuti, "Achemwali, chongani woyambawo. Yotsalayo ndizikagulira sokosi. Ine ndidzabwera ndi miyendo yangayi." Atsibweni anasaina mosamala, lilime lili panja, n'kutipatsa zotsala za keke kuti tizidya m'njira.

Sabata yomweyo ndinapita kwa telala wina wachisilamu amene ankasoka pakhonde la sitolo ku Old Town. Tinkamusoketsa jekete ya mlongo wanga yokhuthala, ya nsalu ngati bulangeti, poti tinamva kuti kumeneko kuzizira kwake si kwa masewera. Ndinamufotokozera za atsibweni ngati nkhani yoseketsa. Iye sanaseke. Anaimitsa phazi pa makina n'kunena kuti, "Mayi, ife munthu akamapita ulendo wautali amasiya atalongosola zonse, ngakhale za nsalu yodzamukulungira. Palibe amene zinamufupikitsira moyo." Ndinayankha kuti zoonadi, n'kuyamba kukambirana za mabatani. Fomuyo inali ikadali m'thireyi yanga ku ofesi. Mawa lake ndinaika pepala m'makina, n'kuchonga mzere woyamba monga anandiuzira.

Munthu wachitatu ndi bwana wanga. Ntchito yake inali yoti azikhala pansi ndi banja lililonse n'kulifotokozera bwinobwino tanthauzo la mizereyo. Sanachitepo n'kamodzi komwe. Ankasaina mulu wonse akulankhula pa foni, maso ali pa zenera. Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ana a akuluakulu, kuphatikizapo mwana wake yemwe, onse ankapita ndi mzere wachitatu. Ndikudziwa chifukwa ndinkataipa ndine. Kumeneko kunalibe malodza. Malodza anali athu a ku makwalala, ndipo bwana sanaone chifukwa chotitayira nthawi yake.

Mlongo wanga anapita, jekete ili pamkono. Ankalemba makalata, ankadandaula za chakudya chosakoleretsa mchere, ankatiuza kuti jekete ya ku Old Town anzake amaiseka koma imagwira ntchito. Nyengo yozizira yachiwiri anadwala chibayo. Uthenga wa imfa yake unafika pa teleksi, makina olandirira mauthenga a mu ofesi mwathu, Lachisanu m'mawa, ndipo unagwera m'thireyi yanga pamodzi ndi mapepala ena oti ndiike m'mafayilo. Ndinawerenga imfa ya mlongo wanga ndili chiimire, panchi yoboolera mapepala ili m'manja.

Ainshulansi sanabe kanthu, ndinene zoona. Analipira chipatala mpaka piritsi lomaliza, monga mzere woyamba unanenera. Za mtembo anati si mbali yawo. Asukulu anati adikira masiku owerengeka, ndipo ngati abale sakonza zoutenga, auika konko. Mtengo wake wonyamulira, ngakhale tikanagulitsa mbuzi zonse za m'mudzi mwathu ndi njinga zomwe, sitikanaufika.

Bwana tsiku limenelo anali kumsonkhano ku City Centre ndipo sanabwerenso. Loweruka ndinayenda wapansi mpaka kunyumba kwake ku Area 43. Mlonda anandiimika panja pa geti, agalu akuuwa, mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenaka bwana anatuluka atavala kabudula, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Ndamva, mayi, pepani kwambiri. Koma mukuidziwa bwino fomu ija. Munataipa ndinu. Banja linasankha lokha."

"Bwana, simunawafotokozere. Munasaina osawerenga n'komwe."

Anayang'ana mlonda, kenaka anayang'ana ine, n'kutsitsa mawu. "Samalani pakamwa. Musamayende mukunena kuti boma lataya mwana wanu. Mukudziwa kumene mawu otere amafikitsa munthu."

Ndinkadziwa. Masiku amenewo aliyense ankadziwa. Ndipo ine, mwana wamkazi wa mayi anga, ndinagwada pa miyala ya pageti paja n'kunena kuti, "Zikomo, bwana." Pa zonse zimene ndinachita m'nkhani imeneyi, zikomo ameneyo ndi amene amandinyansa koposa.

Maliro tinakachitira kumudzi opanda mtembo. Adzukulu anabwera m'mamawa ndi makasu awo monga mwa nthawi zonse, anakhala pansi pa mtengo, n'kubwerera makasu ali oyera. Azimayi anadzaza m'nyumba, koma pakati pamene pamagona womwalira panali mphasa yokhayokha. Mayi analira mpaka mawu kutha, kenaka anandigwira mkono n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, ndiziyang'ana kuti polira?" Sindinadziwe ngakhale mbali yoloza. Ndinangoloza kumpoto, ndipo mpaka pano sindidziwa ngati ndinalondola.

Atsibweni anaimirira kulankhula m'malo mwa banja, atavala taye. Anati azungu alibe chisoni, atimana mwana wathu, iwo amawadziwa bwino poti akhala nawo zaka zambiri. Anthu anavomera ndi mitu. Ine kope ya kaboni ya fomu ija inali m'chikwama changa, siginecha yawo ili poyera. Sindinaitulutse pagulu. Ndinawadikira kuseri kwa nkhokwe.

"Atsibweni, malodza aja tinawapewa bwinobwino. Nanga wamwaliranso bwanji?"

Anavula magalasi, anawapukuta ndi taye. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawapatsa moni ngati mlendo, ndipo ku Area 12 sindinapondekonso. Ena amati ndinawalakwira munthu wamkulu. Mwina. Koma iwo atamwalira tinawaika pafupi ndi mayi awo, anthu akuimba, manda awo timalambula chaka ndi chaka.

Patapita miyezi, anzake a mlongo wanga anatitumizira chithunzi. Panali kamulu ka dothi lakuda, anyamata anayi ataima mozizidwa, ndi kathabwa kolembedwa dzina lathu molakwika. Mayi anachisunga m'chitini cha singano ndi ulusi. Ankachitulutsa akafuna kusoka, n'kuiwala zosokazo.

Nditabwerera ku ntchito ndinayamba kuchita chinthu chimene sindinauzepo munthu nthawi imeneyo. Fomu iliyonse yodutsa m'makina anga ndinkachonga mzere wachitatu. Kaya banja lasankha woyamba, kaya wachiwiri, kaya atsibweni a kumeneko anenanso za malodza, ine wachitatu basi. Ndinkadula sopo wa ana a eni ake osawapempha, ndipo sindipepesa. Wina atabwerako ndi digiri yake anadzandikalipira pa kauntala kuti kalaliki wosaphunzira anamudyetsa buledi wouma zaka zitatu. Ndinamuyang'ana, wonenepa bwino, wamoyo, n'kupitiriza kutaipa. Bwana sanazindikire kanthu. Zaka zonsezo ankasainabe maso ali pa zenera.

Kenaka tsiku lina teleksi inabweranso. Anali mtsikana wa m'mudzi wina wa kuno ku Lilongwe konkuno, wophunzira za unamwino. Ndinatsegula fayilo yake. Bambo ake anasankha mzere woyamba ndi pensulo, koma pa tsamba lotaipa panali wachitatu. Sipanathe sabata ziwiri, bokosi linatera pa bwalo la ndege, ndipo ofesi inandituma kupita ndi mapepala. Bwana anabweranso, atavala suti yakuda. Bambo a mtsikanayo anamugwira dzanja ndi manja awiri, kumuthokoza kuti boma lawakumbukira, ndipo iye analandira kuthokozako mosaphethira n'komwe.

Ine sindinkayang'ana iwowo. Ndinkayang'ana mayi a mtsikanayo. Anadzigwetsa pa bokosi lija, analikumbatira, anaika tsaya pa thabwa akuitana dzina la mwana wawo, ndipo azimayi anzawo analephera kuwachotsapo. Ndinkayembekeza kuti ndimva chisoni, kapena kuti mtima wanga utsika pang'ono poona kuti ndathandiza. Sizinatero. Ndinamva nsanje. Ndinawachitira nsanje mayi olira mwana wawo, chifukwa anali ndi pogwira.

Pobwerera ndinatsika basi ku Old Town n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa pakhonde la telala uja. Ndinkawerengera m'mutu mafomu onse amene ndinasintha, osagwidwa n'kamodzi komwe, osafunsidwa ndi bwana aliyense. Zinali zosavuta chomwecho. Kusuntha pepala mizere iwiri, kumenya batani limodzi. Ndinachitira ana a anthu amene sindinkawadziwa n'komwe nkhope zawo. Fomu imodzi yokha ndi imene ndinataipa momvera, ndipo inali ya mlongo wanga.