Matailosi Opanda Bowo

Makabati aja anafika kwathu pa galimoto ya matransipota a ku Joni, atakulungidwa m'makatoni ndi m'mabulangete akale. Anali atatu, a m'munsi okhaokha, oyera mbee, zogwirira zake zasiliva, ndipo yapakati inali ndi sinki. Amayi a m'mudzi anabwera kudzaona, ena mpaka kuimba nthungululu. Ine ndinangoima pakhomo manja m'chiuno, ndikudzimva kuti ndine mkazi wa munthu. Sindibisa, ndinanyada tsiku limenelo.

Anatumiza ndi amuna anga, amene anali atakhalitsa ku Joni akugwira ntchito m'shopu ya zitsulo. Nyumba tinamanga pa malo a amayi anga, kutsidya kwa mlatho wa pa Mangochi, chifukwa kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Iwo ankatumiza ndalama, ine ndinkayang'anira amisiri, kuyambira njerwa mpaka malata. Matailosi a m'khitchini ndinakasankha ndekha pa boma, otuwira ngati mchenga, ndipo poika ndinakhalapo mpaka tailosi yomaliza. Mantha anga anali amodzi okha, amene ali nawo mkazi aliyense wa munthu wa ku Joni, akuti kodi adzabweradi kudzakhala m'nyumba muno. Makabati aja atafika ndinati basi, munthu sangagulire nyumba zinthu zotere ngati alibe nayo mtima.

Ndinaitana kalipentala wa pa boma kuti adzawaike. Anabwera pa kabaza ndi chikwama cha zida, nayika levulo yoyezera kuwongoka pamwamba pa kabati, n'kupukusa mutu.

"Mayi, pansi panu papendekera kukhomo," anatero. "Ndipo matailosi ndi oterera. Makabati awa sakhala chongokhazika, amafuna kukhomedwa."

Anandionetsa tizitsulo topindika timene amamangira m'kati mwa kabati. Anati tailosi amayamba aimata tepi kuti nsonga isaterereke, kenako amaboola pang'onopang'ono akudonthezera madzi kuti isatenthe n'kusweka. M'bowomo amalowetsa pulagi ya pulasitiki, ndiye sikuluu imagwira. Kumbuyo amakhomeranso kukhoma, ndipo m'munsi monse amamata silikoni kuti madzi okolopa asalowe, chifukwa matabwa ake ndi utuchi wopanikiza, amamwa madzi ngati buledi mu tiyi.

Ine chifukwa chofuna kuti amuna anga aone nawo, ndinawaimbira foni ya vidiyo. Anaona makina oboolera m'manja mwa kalipentala, nkhope n'kusintha.

"Akufuna aboole chiyani?"

"Matailosi, abambo, kuti makabati agwire."

"Ayi, musaboole. Matailosi amenewo asweka. Ndikabwera ndidzakhoma ndekha, kuno ndimagwira zomwezo tsiku ndi tsiku."

Kalipentala anapempha kuti mwina akhomere kukhoma kokha. Amuna anga anakana. Anapempha kuti mwina amate silikoni yokha. Anakananso, akuti silikoni imang'amba thabwa pochotsa. Mawu akuti pochotsa ndinawamva bwinobwino, makutu anga ndi abwino, koma mtima unali utagwira kale mawu akuti ndikabwera. Kalipentala analongedza zida zake, nakwera kabaza yomwe ija.

Ndiye tinayamba kukhala ndi makabati oyenda. Ukakoka dirowa, kabati yonse inkabwera kwa iwe. Ukatsamira pa sinki, inkathawa. Mbale zinkalira m'katimo munthu akangodutsa. Ndinadula patapata wakale tizidutswa, n'kupana m'munsi kuti kupendekera kuchepe, koma pakapita masiku tizidutswato tinkatuluka, ine n'kugwadanso kubwezera. Tsiku lina fulasiki ya tiyi inagwa n'kuphwanyika, ndipo ndinatukwana kabati ngati munthu, anthu panja n'kumaseka kuti mayiyu wayamba misala.

Chimene chinandisautsa kwambiri ndi kukolopa. Ife timakolopa mothira madzi, chidebe chonse pansi, kenako n'kukankhira panja. Fumbi la pa Mangochi m'miyezi yotentha silimva nsanza yonyowa pang'ono. Koma m'khitchini mwanga ndinaleka kuthira madzi. M'mawa uliwonse ndinkagwada ndi nsanza yofinya kwambiri, kuzungulira m'mphepete mwa makabati pang'onopang'ono, kuti akadzabwera adzapeze matabwa asanafufume. Mawondo anga anada chifukwa cha makabati amenewo. Kuphika ndinkaphikabe panja pa mbaula, ndipo sinki inalibe ndi paipi yomwe, pansi pake ndinkatchera ndowa.

Mwezi wa Ramazani amjomba, alongo awo a amayi anga, anabwera kudzadya nafe futari, chakudya chomasulira kusala. Iwo ndiwo mwini mbumba yathu, nkhani zonse za maukwati zimathera kwa iwo. Analowa m'khitchini kudzaona zinthu za ku Joni, natsamira pa kabati, kabati n'kuwathawa mpaka anatsala pang'ono kugwa. Ndinawafotokozera zonse ndikuseka. Iwo sanaseke.

"Mwana wa mlongo wanga, mkamwini ameneyu njerwa anakhoma, malata anakhoma, chifukwa sakanachitira mwina. Izi zokha akuti zingokhala. Ukuona ngati akuopa tailosi?"

"Nanga akuopa chiyani, amjomba?"

"Chokhomedwa m'nyumba muno ndi cha nyumba, ndipo nyumba ili pa dothi lathu. Chongokhazika ndi katundu wake, akhoza kunyamula tsiku lililonse. Iyeyo akudziwa zimenezi."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti akalamba ndi nsanje, kuti chiyambire sanawakonde amuna anga, kuti iwo m'nyumba mwawo mulibe ndi shelefu yomwe ndiye sangadziwe za matailosi. Ndinalankhula zambiri, pakamwa panga sipachedwa. Amjomba anangotsuka m'manja, nadya futari yawo mwakachetechete, n'kutsanzika.

Amuna anga anabweradi pa Idi ya chaka chotsatira, atanenepa, akununkhira mafuta onunkhira a ku Joni. Tsiku loyamba lomwelo ndinawakokera m'khitchini. Anagwedeza kabati ndi dzanja, natsegula zitseko, nayang'ana m'munsi ngati matabwa afufuma.

"Mwasamala," anatero.

"Ndiye mukhoma liti?"

"Nsonga yoboolera matailosi ndaiwala ku Joni."

Ndinati kalipentala ali nayo, ndi pafupi, ndikhoza kukabwereka lero lomwe. Anati nsonga za kuno ndi zabodza. Masiku amene anakhala, ambiri anathera ku Monkey Bay, akuti akuyang'ana injini ya boti kuti ayambe bizinesi ya usipa. Ankabwerako atakhuta, chakudya changa n'kumangochitola. Atanyamuka kubwerera ku Joni, ndinalowa m'khitchini, ndinakhala pansi pa matailosi n'kulira, chifukwa mawu a amjomba aja anali atayamba kundiluma. Komabe m'mawa mwake ndinagwadanso ndi nsanza yanga yofinya.

Nkhani inandipeza pa mjigo, monga zimakhalira. Akuti amuna anga anamanga nikahi, ukwati wa Chisilamu, ndi mtsikana wa ku Monkey Bay, ndipo anagula puloti yawoyawo, yosakhala ya akuchikazi, n'kumangapo nyumba. Nditawafunsa pa foni sanakane. Anati chipembedzo chimalola, anati ine ndine wamkulu ndipo palibe chimene chisinthe. Ndinawafunsa chifukwa chimene ndinamvera kwa anthu otunga madzi. Anati netiweki ikuvuta.

Kenako m'mawa wina, dzuwa litangokwera, panaima kalole pakhomo. Anatsika alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, ndi amuna ena awiri. Anapereka salamu mwaulemu, anafunsa za amayi, anafunsa za ana, kenako anati achimwene awatuma makabati.

Ndinaima pakhomo la khitchini n'kutambasula manja. Ndinakuwa mpaka mudzi unasonkhana. Ndinati amene akhudze kabati ayambe wandiponda ine, ndinatchula mawondo anga, ndinatchula zaka zonse zimene ndagona ndekha m'nyumba muno. Alamu anangoweramitsa mutu, chipewa chili m'manja. Wina anathamanga kukaitana amjomba, ndipo atafika ndinati tsopano aona, mwini mbumba wabwera.

Amjomba analowa, nagwira kabati ya kumapeto, naikankha pang'ono. Inayenda.

"Akanakhala okhomedwa, sindikanalola munthu kuswa nyumba pa dothi lathu," anatero motsitsa mawu. "Koma awa angokhala, mwana wanga, ndipo anagula ndi iyeyo. Chotsa mbale zako."

Sanandikumbutse zimene ndinawanena pa futari paja. Bola akanandikumbutsa, ndikanapeza wokangana naye.

Ndinachotsa mbale, makapu ndi mapoto n'kuunjika m'beseni. Amuna aja ananyamula makabati mosavuta, panalibe sikuluu yomasula ngakhale silikoni yodula. Madzi a tiyi amene ndinatelekera amjomba anali asanawire pamene kabati yomaliza inkakwera pa lole. Anawakulunga m'mabulangete monga anabwerera. Pansi panatsala tizidutswa ta patapata, mphemvu zikuthawa, ndi matailosi owala kuposa anzake, pamene phazi linali lisanapondepo.

Alamu anabwerera m'khitchini kudzaona ngati aiwala kanthu. Anawerama, nasisita pansi ndi dzanja, ndipo ndikhulupirira ankafuna kundisangalatsa.

"Koma alamu mumasamala," anatero. "Matabwa onse ndi ouma, ndipo matailosi alibe ndi bowo limodzi lomwe. Kumene akupitaku kalipentala akudikira kale, akawakhoma lero lomwe."

 

Lole itapita ndinatunga chidebe chodzaza n'kukhuthula pakati pa khitchini, monga timakolopera kwathu, koyamba chifikire makabati aja. Madzi anayenderera okha mpaka kukhomo, pansi paja ndi popendekeradi.

Talaka, yondisudzula, amuna anga sanandipatse. Akuti ndikadali mkazi wawo, ndipo amjomba akawaimbira kuti abwere tikambirane, amayankha kuti akabwera. Ine ndinasiya kufunsa kuti liti. Mbale zanga zimakhala m'beseni pakona, ndimavundikira ndi chitenje chifukwa cha fumbi. Alendo akalowa amayamikira matailosi kuti akadali atsopano, ndipo ine ndimavomera kuti inde, ndinasamala.