Kummero kwa Kamlomo

Pamsewu uja aliyense ankangomutchula kuti Wamabatire. Shopu yake ya mabatire a galimoto inali kachipinda kamalata pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wometa tsitsi, ndipo malaya ake onse anali ndi timabowo ta asidi. Akamuseka ankati ndi mazenera. Mkazi wake ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu, choncho mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu, yemwe ankamuti Kamlomo chifukwa cholongolola, ankaswera kushopuko.

Tsiku lina chigubu cha asidi chinayamba kudontha. Wamabatire anatsanulira wotsalayo m'botolo la chakumwa n'kuliika kunsi kwa tebulo. Kasitomala anamuitanira panja. Ali chiweramire mu injini ya galimoto, anamva kulira kumene sanakumvepo chibadwire. Anapeza mwana atagwada, milomo itayera mbuu, dovu likuyenderera pachibwano, botolo lija lili pambali pake.

"Musanzitseni msanga, achimwene!" anatero wometa uja atafika mothamanga.

Wamabatire anapisa chala kukhosi kwa mwana wake.

Kuchipatala namwino atamva zimenezi anagwira pakamwa. "Bambo, zoterezi sitisanzitsa. Zawotcha polowa, zawotchanso potuluka."

Wamabatire anangokhala pansi pasimenti pomwepo.

Zilonda za m'kamwa zinapola, anawatulutsa, mwana n'kuyambanso kusewera. Banja linapumira m'mwamba. Koma patapita milungu ingapo, Kamlomo anayamba kutafuna chakudya nthawi yaitali kenako n'kulavula. Posakhalitsa phala linayamba kubwerera, mapeto ake ndi madzi omwe. Ankayenda ndi kapu yolavuliramo malovu, diresi likumulendewera m'mapewa.

Atabwerera kuchipatala, dokotala wa ana anamumwetsa timadzi toyera n'kumujambula pachifuwa. Anakweza chithunzicho powala. Timadzi tija tinatsika bwinobwino, ndiye pakati pa chifuwa n'kusanduka kamzera konga ulusi.

"Njira ya chakudya ndi imeneyi," anatero dokotala. "Chilonda chikamapola m'katimu chimasiya chipsera. Chipseracho chimakoka, njira n'kuthina."

"Ndiye mumupatsa mankhwala anji?" anafunsa mayi a mwanayo.

"Mankhwala otsegula chipsera kulibe, mayi. Tizimugoneka tulo n'kumalowetsa timachubu kummero, kuyambira kakang'ono, kenako kokulirapo, kuti tizifutukula pang'onopang'ono. Si zakamodzi ayi. Chimabwerera."

Wamabatire anasuzumira timachubuto tili m'mbale yachitsulo. Kakakulu kanali ngati chingwe cha batire ya lole. Anadzifunsa kuti kangalowe bwanji m'khosi laling'ono lija.

Popeza mwanayo anali atatheratu, madokotala anayamba amuboola pamimba n'kuikapo kapayipi kodyera. Bambo akewo anaphunzira kuthira mkaka m'menemo ndi jakisoni wamkulu wopanda singano. Kamlomo ankatsatira mkakawo ndi maso.

"Adadi, bwanji mimba ikudya yokha ine osadya?"

Wamabatire anatembenukira kukhoma.

Ankaganiza kuti tsokali lagwera iye yekha. Koma m'chipinda chomwecho munali mwana wa mayi wopanga sopo, amene ananyambita soda akumuyesa shuga, ndi wina amene anamwa mankhwala otsegulira mapayipi a kubafa. Aliyense ndi kapu yake pafupi. Makolowo ankangoyang'anana, osafunsana kuti botolo anaika ndani.

Mkazi wake sanamulalatire ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo n'zimene zinkamudya kwambiri. Ulendo wina mwana ali m'chipinda cha opaleshoni, iye anati, "Mayi a Kamlomo, bolani mungonditukwana."

"Ndikakutukwanani khosilo litseguka?" anayankha mkaziyo, maso ali pachitseko.

Ulendo uliwonse mwana ankadzuka akulira mosasa mawu. Kenako ankameza madzi, mawa lake phala, sabata inayo dzira. Akangoti zatheka, chakudya chinkayambanso kuima panjira, iwo n'kubwerera. Chaka chinatha choncho. Pang'ono ndi pang'ono maulendo anayamba kutalikirana, mpaka kapayipi kaja anakachotsa, pamimba n'kutsala kadontho kokwinyika.

Lero Kamlomo ali pasukulu. Amadya mosamala ngati nkhalamba, madzi ali pambali, ndipo amamaliza ena onse atadzuka kale. Nthawi zina amaika supuni pansi n'kugwira pachifuwa.

"Adadi, kwayambanso kuthina."

Wamabatire safunsa kawiri. Amatsuka m'manja, amauza kasitomala kuti abwere mawa, n'kupita ndi mwana wake kukadikira basi yopita kuchipatala.