Manja a Khola Khosiyat

M'mudzi mwathu, kufupi ndi tauni ya Kulob, mkazi akamwalira anthu ankathamangira kwa a Khosiyat. Ndiwo ankasambitsa maliro a akazi. Ntchitoyi anaphunzitsidwa ndi apongozi awo ali mtsikana, ndipo amuna awo atamwalira anaipitiriza, uku akulima thonje ngati wina aliyense. Tonse tinkawaitana kuti Khola, kunena azakhali, ngakhale ife amene panalibe ubale. Nyumba yanga ndi yawo zinalekanitsidwa ndi kampanda kadothi kofika m'chiuno.

Pamaliro anthu ankawapatsa ulemu. Paukwati zinali zina. Ankawakhazika pafupi ndi khomo, ndipo akafuna kuthandiza kukanda ufa wa buledi, wina ankathamanga kudzawalanda beseni. "Pumulani, Khola, mwatopa." Iwo ankadziwa kuti nkhani si kutopa ayi, nkhani ndi manja awo.

Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Mavzuna, wamtali, wapakamwa. Atakula, banja lina la tsidya la mtsinje linabwera kudzamufunsira. Anamwa tiyi, anagwirizana, tsiku lonyema buledi wa chitomero linaikidwa. Kenaka anthu aja anangoti zii. Tinamva mphekesera kuti agogo a mnyamatayo anati sangadye chakudya cha mwana wa wosambitsa mitembo.

Tsiku limene mphekeserayo inamveka, ndili kuseri kwa mpanda, ndinamva Mavzuna akukangana ndi mayi ake, omwe ankawaitana kuti Ocha, kunena amayi.

"Ocha, ntchito zonse zili padziko pano, munasankha imeneyi?"

"Nanga akufawo asambe okha, mwanangu?" anayankha mayi ake.

"Ndiye muzikhala nawo akufa anuwo. Ine ndikupita."

Anapitadi ku Dushanbe, likulu la dziko lathu, nakapeza ntchito yosoka makatani. Kumeneko anakwatiwa, koma ukwati tinangoumva. A Khosiyat anasoka zofunda zathonje zokongola nazipatsira woyendetsa galimoto wa m'mudzi mwathu. Munthuyo atabwerako anamufunsa kuti mwana wati chiyani. Iye anakanda kumutu nati, "Wati zikomo." Sindikhulupirira kuti anatero, koma a Khosiyat anafotokozera mudzi wonse.

Patapita zaka, Mavzuna anabwerera nyengo ya mabulosi, atagwira kamwana kakakazi padzanja. Ndinamudziwira kutalikako kokha, thupi linali litatha. Inali khansa ya m'bere. Mwamuna wake anali ku ntchito ku Russia, ndipo apongozi ake anati sangathe kudwazika.

Mayi ake sanafunse kanthu. Anamuyalira pakhonde pomwe pamafika mthunzi, namamuphikira msuzi wa nkhuku womwe Mavzuna ankangoulawa n'kukankhira uko. Kamwa lija linalipobe. "Ocha, mchere munagula wochuluka kuti uthere mwa ine?" Iwo ankaseka n'kukaphika wina.

Masana ena ndinali komweko ndikusankha mpunga pamene Mavzuna anafunsa mwadzidzidzi.

"Ocha, mumayambira pati?"

"Kuyamba chiyani?"

"Mukudziwa chimene ndikunena."

A Khosiyat anayankha ngati akufotokoza kaphikidwe. "Ndimayamba ndi madzi. Asatenthe, asazizire, ndimayesa ndi chigongono ngati a khanda. Ndimafunditsa munthu nsalu kuti wina asamuone thupi. Ndiyeno mbali ya kumanja, kenaka ya kumanzere."

"Mumalankhula nawo?"

"Ndimawauza ndisanawatembenuze. Si bwino kudzidzimutsa munthu."

Mavzuna anayang'ana kudenga. "Inenso mudzandiuze," anatero.

Anamwalira thonje lisanayambe kuthyoledwa. Amayi akuluakulu anati mayi sangapirire kusambitsa mwana wake, choncho anatuma munthu kukatenga wosambitsa wa mudzi wina. A Khosiyat anaimirira, namanga mpango wawo bwinobwino.

"Mubwezeni. Robiya, bwera udzandithirire madzi."

Robiya ndine. Ndinali ndisanalowepo m'chipinda chotere, ndipo madzi ena ndinatayira pansi. A Khosiyat anayamba ntchito yawo. Anatsuka tsitsi, naliluka, akunong'ona. "Ndikukutembenuza tsopano, mwanangu. Usaope, ndine." Atamaliza kumukulunga mu nsanda anatuluka, nakhala pansi pafupi ndi uvuni wa buledi, ndipo pamenepo ndi pomwe analira. Amuna atanyamula maliro kupita kumanda, a Khosiyat tinachita kuwadzutsa tili awiri.

Kamwana kaja, Shukrona, kanakhala nawo mpaka nyengo yachisanu. Kanayamba kuwazolowera, kankawatsata ngakhale kokama ng'ombe. Kenaka abale a bambo ake anabwera ndi galimoto kudzakatenga. Anati kutauni kuli sukulu zabwino. A Khosiyat anakalongedzera mabulosi ouma m'kathumba, osatsutsa.

Pano akalamba, mawondo akukana, moti amapemphera atakhala pampando. Maliro akagwa anthu amabwerabe kudzawatenga, ndipo ine ndimapita nawo kukathira madzi. Tsiku lina pobwerera ndinawafunsa ngati sanamukwiyire Mulungu.

"Ndinamufunsa mafunso ambiri, sanandiyankhe," anatero. "Koma ndikasiya kulankhula naye, m'nyumba muja ndizilankhula ndi yani?"

Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pachipata chawo. Anandipempha kuti mwana wanga akabwera Loweruka adzayesenso kuimba nambala ya foni ya ku Dushanbe, kumene kuli Shukrona, mwina ulendo uno wina ayankha.