Zitini Zitatu za Nyemba

Ndimakumbukabe zitini zitatu za mbewu ya nyemba zimene amayi ankasunga pamwamba pa khoma, zothira phulusa kuopa anankafumbwe. Ukatsegula chimodzi, unkayetsemula ndithu.

Chinali chaka chija sukulu inayamba kukhala yaulere, nkhani pachigayo ili ya zipani yokhayokha. Mvula yoyamba inagwa amayi ali kuchipatala ku Boma, kudikira kubadwa kwa mwana. Amalume ndiwo anabwera kudzatidzalira. Mbewu inali yomweyo basi, tikaiwononga ndiye kuti ndiwo za chaka chonse zapita.

Pakhomo mwana wodalirika anali mkulu wanga. Ankagwira ntchito mwakachetechete, akamaliza n'kupita. Ine ankanditcha waulesi, ndipo sankanama kwenikweni. Khasu ndinkalitsamira, pakamwa pokha pali pantchito: bwanji izi mukudzala uku? Nanga izo zalakwa chiyani? Amayi ankayankha ali chiweramire, nthawi zina mokalipa.

M'mawa wa tsiku lodzala kunali nkhungu, dothi lofiira likumata kumapazi. Amalume anafuna kusakaniza zitini zonse, nyemba zoyera, zofiira ndi zamawanga, kuti timalize msanga. Atafunsa mkulu wanga mmene amayi amachitira, iye anangokanda m'mutu. Anadzala nawo zaka zitatu, koma anati nyemba ndi nyemba.

Apa ine ndinalankhula. Zoyera zipite kumtunda, chifukwa kumunsi madzi amadikha ndipo zinaola chaka chatha. Zofiira zosayanga tidzale lero. Zamawanga zidikire chimanga chimere kaye, apo ayi zikachikulunga chisanalimbe.

Amalume anandiyang'ana. "Wakuuza ndani zimenezi?"

"Ndinkangofunsa," ndinatero.

Anaseka, koma chitini cha zamawanga anachitseka.

Amayi anabwera ndi khanda chimanga chili m'mawondo. Anazungulira munda wonse, kenako anandisisita m'mutu. Ndinasangalala sabata yathunthu, ndipo mkulu wanga anatopa nane. Chaka chimenecho nyemba tinadya mpaka kugawirako anansi.

Lero ndikadzitama, ndimadzigwira. Mkulu wanga amakumbukabe amene anatithandiza ndi amene anatinena chaka chimenecho, zomwe ine ndinaiwala kalekale. Aliyense amasunga zimene mtima wake unkakonda kuzisinkhasinkha. Koma nthawi imeneyo ndinkangoti ndinabadwa ndi mutu wabwino. Sindinkadziwa kuti mayi wotopa, msana ukuwawa, akanatha kungonditontholetsa, koma funso langa lililonse analiyankha.