Chidindo cha Che Wadi

Che Wadi Swadick anabadwira kwa Mponda, mwana wa msodzi, koma madzi ankawaopa ngati mphaka. Bambo awo atatopa kuwakwapula ndi chingwe cha ukonde, anawatumiza kusukulu ya ntchito zamanja, komwe anaphunzira zomanga misewu. Kwa zaka makumi awiri akhala akuyeza makalavati ndi timilatho ta m'midzi, kuyambira ku Nkhudzi mpaka ku Namwera. Munthu wake ngwovuta, ndisabise. Akaona konkire yochepa simenti amakalipa mpaka ndevu kunjenjemera, ngakhale wolakwayo akhale mlamu wawo.

M'bungwe lathu la mainjiniya tili ndi kanthambi ka kunyanja, anthu khumi ndi anayi basi. Che Wadi anali mlembi, ine Esime wachiwiri wawo. Anzathu a mumzinda amatikumbukira kamodzi pachaka, akafuna kudzachitira msonkhano m'maloji a kuno ndi kudya chambo. Koma lamulo la bungwe limati nthambi ina ikamachititsa msonkhano m'dera la eni ake, kampani iliyonse yofuna kuthandiza msonkhanowo iyenera kuvomerezedwa ndi eni deralo. Popanda chidindo chathu pa fomu, dzina la kampani silikwera pa chinsalu cha msonkhano.

Chaka chatha nthambi yaikulu ya mumzinda inatumiza fomu ya kontrakitala wina, dzina lake Jeffrey. Ameneyu ndiye anamanga kamlatho ka kumtunda kwa Namwera, kamene kanagwa ndi mvula yoyamba lole ya chimanga ili pamwamba. Dalaivala anafera pomwepo, ndipo Che Wadi anali m'gulu la anthu amene anamusolola pansi pa matumba. Tsopano bamboyo ankafuna dzina lake liime pambali pa chizindikiro cha bungwe, kuti alendo aone kuti mainjiniya amamukhulupirira. Che Wadi anabweza fomuyo yosadinda. Wapampando wa mumzinda atawaimbira foni, Che Wadi anamuyankha kuti lamulolo analilemba ndi iye mwini, aliwerengenso.

Tinapangana zokumana pa kaofesi kathu Lachisanu masana, Che Wadi akatuluka kumzikiti. Ndinali tsidya la msewu, iwo akufika pakhomo la ofesi, pamene galimoto yopanda nambala inaima, n'kutsika amuna atatu. Sanapereke ndi moni womwe. Woyamba anawamenya ndi chitsulo kumsana, kofia n'kugwera m'ngalande. Atagwa, anawapondaponda m'nthiti, wina akupisa m'matumba a mkanjo wawo. Che Wadi anali atachifumbata kale chidindocho m'dzanja lamanja. Mmodzi anaponda dzanjalo ndi jombo, mnzake n'kumamenya zala ndi chitsulo chija, ndipo ine kutsidyako ndinkamva mafupa akuthyoka. Ndinakuwa, koma sindinawoloke. Akabaza ndi amene anathamangira ndi miyala. Anaswa galasi la galimoto, mmodzi wa achiwembuwo n'kuthawa magazi ali chuchuchu pamphumi. Chidindo sanapite nacho.

Kuchipatala anamwino anachita kuwatambasula zala kuti achichotse. Che Wadi anandipatsa ndi dzanja lamanzere, pakamwa pali potupa.

"Achemwali, sungani ichi. Musadinde."

Ndinalumbira kuti sindidinda, ndipo ndinkanena zoona.

M'mawa mwake wapampando uja anandiimbira. Anapepesa bwinobwino, akuti za chiwembucho sakuzidziwa, mwina n'zoona. Kenako anandiwerengera ndime ina ya lamulo lomwelo: mlembi akadwala, amene amadinda ndi wachiwiri wake. Msonkhano unali utatsala sabata imodzi. Ndinamuuza kuti ndiganiza kaye, mtima ukuwira ndi ukali.

Lolemba galimoto ija, galasi lili latsopano, inaima pageti panga. Palibe amene anatsika. Mwana wanga Shakila akupita kusukulu, inamutsatira pang'onopang'ono mpaka pamphambano, n'kubwerera kudzaimanso pomwepo. Lachiwiri inachitanso chimodzimodzi. Ndinatuluka ndi chidindo, a m'galimotomo anandipatsira fomu ija pawindo, ndinaidinda pa boneti, chidindo n'kutuluka chopendekeka. Loweruka dzina la Jeffrey linali pa chinsalu, zilembo zikuluzikulu, anthu a masuti akujambulitsa pansi pake.

Kuchipatala ndinapita Lamlungu. Dokotala anali atanena kuti zala ziwiri sizidzapindikanso, cholembera adzaphunzira kugwira ndi dzanja lamanzere. Che Wadi anangotambasula dzanja kuti ndiwabwezere chidindo. Anachitembenuza, n'kukanikiza chala chachikulu pa labala. Chala chinatuluka ndi inki.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayamba kufotokoza za galimoto ndi za mwana, koma anandidula.

"Shakila ali bwino?"

Ndinati ali bwino.

"Alhamdulillah," anatero. Anapukuta chalacho pa bandeji ya dzanja lothyokalo, n'kutembenukira kukhoma.